Kanyama ka Mayi Ines

Ambuye atamandike, akhristu anzanga. Amene munamwa tiyi pamaliro a Mayi Ines osawadziwa, tcherani khutu.

Ines anabwera ku Katuli ali kamtsikana, kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Mayi ake anafera m'njira. Chimene anawoloka nacho malire ndi kolona yoduka, yolumikiza ndi ulusi wa thumba. Anakulira m'makomo mwa anthu, kutunga madzi, kusinja, osadandaula.

Atakula anakwatiwa ndi a Kingstone, ogula usipa ku Lungwena n'kumakagulitsa ku Limbe. Mulungu awakhululukire bambo aja, pakuti doko lililonse anali ndi khomo logogoda. Ines mwana sanabereke. Mlamu wake Aida, mlongo wa a Kingstone, mkamwa ngati mpeni wopalira chambo, ankati, “Achimwene anagula mphika wobooka.” Koma Aida yemweyo banja litamuvuta, mwana wake Matilda anakamutula kwa ndani? Kwa mphika wobooka womwewo. Ines anamulera mpaka kumukwatitsa.

Kutchalitchi ntchito yake inali imene enanu mumaithawa, yosambitsa maliro a amayi. Zaka makumi atatu. Ankati, “Thupi ndi chovala chobwereka, tizichibweza chochapa.”

A Kingstone atamwalira, Ines anayamba kutaya magazi, pamene kumwezi anasiya kalekale. Anabisa chaka chathunthu, kuchapa nsanza kuseri. Atagwa posesa m'tchalitchi, amayi a mphakati anapita naye kuchipatala kuboma. Kumeneko anamudula kanyama pakhomo la chiberekero, kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukaika m'kabotolo kupita nako ku Blantyre.

Iii, Aida atamva! Anaima pabwalo manja m'chiuno. “Alamu, mwapereka nyama yanu kwa anthu osawadziwa? Tsiku louka akufa mudzadzuka opereweza! Mudzakafuna kuti, ku Blantyre?”

“Amene anandiumba akudziwa kumene kali,” anatero Ines.

Patapita miyezi iwiri anamuitana. Adokotala anamufotokozera bwinobwino, iye n'kudzatifotokozera ife. Ati kanyamako amakadula mopyapyala kuposa khoko la anyezi, amakaika pagalasi, n'kudonthezapo mankhwala okhala ngati nyambo imene imadyedwa ndi nsomba yamtundu umodzi wokha. Kachilombo koyambitsa khansa kakakhalamo, mankhwalawo amakakamira pomwepo, malowo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ka Ines kanada. Ndipo nthendayo inali itapita kale patali.

Aida anamvako mawu amodzi okha, oti kachilomboko kamayenda pogonana. Anakalengeza kuchigayo. Ines akanatha kutchula madoko a achimwene a Aida limodzilimodzi, ife tikanamuthandiza kuwerenga. Sanatsegule pakamwa.

Chimene chinkamuwawa si chimenecho ayi. Matilda anali atamunong'oneza kuti nayenso akuona timagazi masiku osayenera. Ines anati apite akamuone msanga. Aida anakana kwamtuwagalu. “Wanga sadulidwa. Akapita, asadzanditchulenso mayi.” Matilda, wamantha ngati nkhuku, anangokhala.

Ines anapempha kamodzi, kawiri, mpaka kugwada, munthu wodwala. Aida anayang'ana kumbali. Ndiye anasiya kupempha, anangogwira kolona yake ija. Miyezi isanu anagona pamphasa, fungo lake enanu mumaimira pakhomo. Aida sanalowemo ngakhale tsiku limodzi.

Bambo mfumu atabwera kudzamudzoza, anamufunsa ngati ali ndi mawu. Anati, “Amodzi. Ondisambitsa akhale alamu anga a Aida. Wina asayambe iwo asanagwire.”

Anamwalira Lachisanu mmawa, amayi akuimba, nkhope ili phee ngati wagona atatopa kumunda.

Mawu a womwalira sakanidwa. Aida analowa milomo ili tolotolo, ife tili pambuyo ndi beseni. Anavundukula nsalu. Mayi uja amene ankasenza thumba la chimanga yekha anali atatsala mafupa, ntchafu ngati bango. Aida anamunyamula kuti amutembenuze, n'kupeza akupepuka ngati mwana. Anaima chilili. Kenako anakhala pansi, madzi akutayika.

“Adokotala anatenga njere imodzi,” anatero. “Nanga thumba lonse watenga ndani?”

Anamusambitsa yekha, pang'onopang'ono, akulira, mpaka zala zakuphazi.

Tinaika Loweruka. Lolemba, anthu asanasese n'pakhomo pamaliro, Aida anali pamsewu kukangana ndi wakabaza paulendo wa kuchipatala, Matilda ali pambuyo, kolona ya ulusi wa thumba ili m'khosi. Kabotolo ka Matilda kanapita ku Blantyre. Kanyama kake kanada nakonso, koma ati anafika nthawi yabwino. Anamuchita opaleshoni, lero akulima.

Aida mkamwa simunasinthe, ndisakunamizeni. Koma maliro a amayi pano akusambitsa ndi iyeyo.

Mzimu wa Ines, wosesa wathu, uuse mumtendere.