Kompyuta ya Pamwamba pa Kabati

Ku Kanyama mvula ikakula, aliyense amadziwa chimene ayenera kukweza pamwamba. Ena amakweza thumba la ufa, ena matiresi. A Silas Njobvu anakweza kompyuta.

A Silas anachokera ku Chadiza ali mnyamata, sukulu atasiyira giredi seveni. Zaka makumi awiri anali mesenjala pakampani ina yogulitsa matayala m'tauni. Kompyuta anaiphunzirira komweko, ataimirira kumbuyo kwa sekilitale podikira makalata okapereka. Kampani itatsekedwa, bungwe la ogulitsa pamsika linawapatsa makiyi a holo yake kuti azitsegula, azisesa, ndi kulemba masiku a anthu ofuna kuchitiramo maukwati. Ankalemba ndi zala ziwiri m'kalendala ya m'pulogalamu ya imelo. Anali munthu wosaseka kawirikawiri, ndipo lamulo la holo ankalinena kwa aliyense: woyamba kulembedwa ndiye mwini tsiku.

Mu Januwale kunabwera amake Chipo, ogulitsa tinsomba touma ta kapenta pamsikapo. Anatenga Loweruka lachiwiri la Seputembala kuti achitire mwana wawo kichinipate, phwando lija limene amayi amaperekerapo mkwatibwi ziwiya. A Silas analemba, nawawerengera mokweza.

Mu Febuluwale madzi analowa m'ofesi mpaka m'akakolo. A Silas anazula kamodemu kolowera pa intaneti, nakweza kompyuta pa kabati, naifunditsa chitenje chakale. Komiti ya bungwe inagula laputopu yokhala ndi intaneti yakeyake. Atangolowetsamo imelo ya holo, kalendala yonse inatsika yokha. Tcheyamani wa bungwe, a Levy, nawonso anaika imelo yomweyo m'foni mwawo, akuti aziona ntchito mmene ikuyendera. Kompyuta yakale anthu anaiiwala.

Mu Ogasiti amake Chipo anabwera kudzaona poika mipando. Makadi anali atasindikiza, alangizi atawauza, abale a ku Petauke atakonzeka ulendo. A Silas anatsegula laputopu. Pa Loweruka lija dzina la Chipo panalibe. Panali phwando la a Jackson, mwini maminibasi, mlamu wake wa tcheyamani.

"Ba Silas, nkhope yanu yaipa. Kuli chani?" anafunsa amake Chipo.

"Amai, pitani ku kapenta wanu. Tsiku ni lanu. Ninalemba neka."

Madzulo a Levy anabwera akupukusa makiyi a galimoto pachala.

"Ba Silas, mwakula, tiyeni tivomereze," anatero a Levy. "Munalemba m'mutu chabe. Muwauze amai aja kuti munaiwala, tizawasakira ka tenti."

"Sininaiwale."

"Manje vili kuti? Onani mu laputopu, onani mu foni yanga. Kompyuta siinama."

"Siinama, ba tcheya. Koma imamvera chala cha munthu."

A Levy anasiya kupukusa makiyi. "Makiyi a holo si anu, mudala. Mukumbukire."

A Silas sanaone munthu akufafaniza, ndipo sanali munthu wonena chimene sanaone. Koma kuima pamaso pa mayi wachikulire nkunena kuti ndinaiwala, pamene sanaiwale, chimenecho anakana. Anafufuza ngakhale m'bini ya laputopu, momwe zofafanizidwa zimagwera, napeza mosesedwa. Ali chikhalire choncho, maso awo anagwera pa chitenje cha pa kabati. Anapempha kuti komiti ikumane Lachitatu m'mawa.

Lachitatulo malaiti kunalibe, monga mwa masiku onse. A Silas anabwereka jenereta kwa a Kabaso ometa tsitsi, nadutsitsa chingwe pawindo. Komiti inakhala pa benchi, amake Chipo ali pakhomo manja m'chiuno, akununkha kapenta. Potsitsa kompyuta, mphemvu zinabalalika, ndipo a Levy anaseka.

"Ndiye mboni yanu iyi? Yamene igona na mphemvu?"

Kompyuta inalira ngati chigayo, kenako inayaka. A Levy anaimirira msanga.

"Ikani modemu ija tione vinthu va manje, osati va kudala."

A Silas anatenga kamodemu pathebulo, nakaponya m'thumba la malaya, namanga batani.

"Iyi siilowa pa intaneti lelo," anatero.

"Mubisa chani?"

"Nibisa kompyuta kuti isamve nkhani. Vinthu ivi vimauzana. Mukafuta tsiku pa foni, laputopu nayo ifuta. Iyi yakhala pa kabati kuchokera Febuluwale, siinamve kanthu. Ikangolowa pa intaneti, anzake azaiuza kuti futa, izafuta."

Zimenezi a Silas anazidziwira pa cholakwa chawo chomwe. Mu Meyi anafafaniza mwangozi msonkhano wa azimayi pa laputopu, ndipo pa foni ya tcheyamani unasowanso nthawi yomweyo.

"Ndine tcheyamani, nakamba kuti ikani," anatero a Levy atatambasula dzanja.

"Ndimwe tcheyamani, ee. Thumba ni langa."

Amai Karen, achiwiri kwa tcheyamani, ogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, anavala magalasi. "Ba Levy, khalani pansi. Mukulu atsegule, tiwerenge teka."

Ndi zala ziwiri zija a Silas anayendetsa kalendala mwezi ndi mwezi mpaka Seputembala. Amai Karen anawerama, nawerenga mokweza: "Kichinipate ya Chipo, holo yonse, kuyambira teni koloko. Lalembedwa pa 9 Januwale."

"Ehe!" anakuwa amake Chipo ali pakhomo. "Mphemvu zasunga mwana wanga!"

A Silas sanaseke. Anatulutsa fulashi, nakoperamo kalendala yonse ya kompyuta yakale, naizimitsa. Analowetsa fulashiyo mu laputopu, nabwezeretsa tsiku limodzi lokha lija, kuti masiku ena asalembeke kawiri. Pa Loweruka lachiwiri la Seputembala panaoneka maina awiri. Amai Karen anatsegula la a Jackson, napeza kuti linalembedwa pa 2 Ogasiti.

Foni ya a Levy inalira m'thumba. Inali kalendala, ikuwauza kuti kichinipate ya Chipo yalowa.

"Ni mavuto a netiweki aya," anatero a Levy osayang'ana munthu. "Vimasowa veka nthawi zina."

"Kapena," anayankha a Silas. "Ine sininaone. Chimene niziwa ni chakuti Januwale amayamba, Ogasiti abwera pambuyo."

Komiti inagamula kuti tsiku ndi la amake Chipo. Amai Karen anawonjezera kuti mawu achinsinsi a imelo asinthidwe, ndipo kalendala ichoke m'mafoni onse. A Levy anavomera, koma potuluka anaima pafupi ndi a Silas.

"Muzaona pa masankho a Disembala. Makiyi aja azapeza mwine wake."

A Silas anamasula makiyi pa lamba, nawaika pathebulo pamaso pa komiti yonse.

"Si awa. Ofuna atenge manje, asavutike kuyembekeza Disembala. Koma pa Loweruka lija nizabwera na mpando wanga kukhala pa geti, nione amene azalowa."

Palibe anatambasula dzanja. Amai Karen anakankhira makiyiwo kwa mwini wake ndi chala chimodzi.

Chipo anachita phwando lake m'holo. Abale a ku Petauke anafika, ng'oma zinalira mpaka pamsika, ndipo a Silas anasesa m'mawa mwake akung'ung'udza za mabotolo otayidwa paliponse. Amake Chipo anawabweretsera mbale ya nkhuku, iwo nalandira, koma anawakumbutsa kuti mpando umodzi wathyoka mwendo.

Kuchokera pamenepo, Lachisanu lililonse asanatseke ofesi, a Silas amakopera kalendala mu fulashi, ndipo fulashiyo amaimangirira pamodzi ndi makiyi. Wina anafuna kugula kompyuta yakale ija kuti akachotsemo zitsulo. A Silas anamuuza kuti akafunse komiti, ndipo komiti ikalola, akabwerenso adzamve kukana kwawo. Ikadali pa kabati, yofunda chitenje, ndipo kamodemu kake kali m'thumba la malaya.