Mauthenga a Malume mu Gulu la Masheya

Gulu lathu la pa foni tinaliyambitsa kuti tizithandizana za masheya, basi. Malamulo ndinalemba ndine: muno ndi mokambirana za mitengo, za makampani amene alengeza phindu, ndi za mmene munthu wa kuno ku Lichinga angagulire kagawo kake pa msika wa ku Maputo kapena wa ku Malawi osakwera basi. Za mpira ayi, za mapemphero ayi, za ndale ayi. Anthu anavomereza, ine n'kudziona ngati munthu wodziwa kuyendetsa zinthu. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya sukulu ina ya boma, kudinda mapepala ndi kuyankha makolo okwiya, ndiye ndinkati anthu a pa foni sangandithetse nzeru.

Malume ndinawalowetsa ndekha, palibe anandituma. Ndi mlongo wawo wa malemu mayi anga, ndipo ndi amene anandinyamula paphewa pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ine ndili kamwana. Titabwerako anagwira ntchito yoyendetsa galimoto ya nsomba, kutsikira kunyanja ku Meponda ndi kukwera nayo mtunda wobwerera kuno, mpaka mawondo anawakana. Kandalama kamene anapuma nako anagulira masheya pang'ono, koma sankadziwa ngakhale poonera ngati akwera kapena atsika. Ndinawagulira foni yamakono. Poti maso awo salimbana ndi tizilembo, ndinawasonyeza podina akafuna kujambula mawu, ndipo phunziro limeneli analigwira msanga kuposa ena onse.

Miyezi yoyamba zinkayenda. Ankafunsa mafunso abwino, ena mwa iwo amene ife ophunzira tinkachita manyazi kufunsa. Kenaka mauthenga anayamba kutalika. Ankayamba ndi mtengo wa kampani ya mowa, n'kudutsira pa kukwera kwa mafuta, n'kukathera pa nduna ina imene sinapondepo ku Niassa. Nyengo ya chisankho itafika, za masheya zija zinangokhala ngati moni wa pakhomo. Munthu unkatsegula foni pa nthawi yopuma kuti uone ngati ugulitse kapena udikire, n'kupeza mauthenga a malume atandandalikana, pansi pake anyamata awiri akutukwanizana za zipani. Uthenga wa mitengo unkakhala uli kutali kumwamba, wofunika kuufufuza ndi chala.

Ndinatopa. Sikuti zimene ankanena zinali zabodza zokhazokha, ayi, zina ndinkagwirizana nazo ndithu. Koma ndale ndinkazimva kuntchito, ndinkazimva pamsika, ndinkazimva kwa amuna anga, ndipo ndinkangofuna kachipinda kamodzi kamene ndingalowe osazipezamo.

Ndinayesa njira za ulemu. Ndinatumizanso malamulo aja m'gulu, osatchula munthu. Woyamba kuyankha anali malume.

"Mwanangayu wanena zoona," anatero. "Anthu asamasokoneze gurupu ndi nkhani zopanda pake." Atatero anapumira, n'kuyamba za msewu wa ku Cuamba ndi anthu amene anadya ndalama zake.

Ndinaseka ndekha mu ofesi mpaka misozi, koma kunali kuseka kwa munthu wosowa chochita.

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, osatsazika. Tsiku lina mphunzitsi wina wa m'gulumo, mayi wofatsa amene timakhala naye limodzi ku Namacula, anandiimitsa panjira.

"Mana, mchemwali wanga, ine ndikutuluka," anatero. "Mnzathu wina anamusamutsira kudisitiritu yakutali. Akuti awudiyu ya m'gurupu ina inafika kwa shefi, bwana wa kuntchito, pamene iye sanalankhulemo n'komwe, anangokhalamo. Ine ndili ndi ana, amuna anga sali pantchito. Ndinalowa kuti ndiphunzire kusunga kandalama, osati zimenezi."

Ngati nkhani ya mnzakeyo inali yoona ndendende, sindidziwa. Mantha ake okha anali oona, ndipo nanenso ndinayamba kuwamva, poti dzina lolembedwa kuti woyambitsa gulu linali langa.

Sikuti onse ankadana nawo malume. Kunali mayi wina wochita malonda a nsomba zouma, wa ku Meponda, amene ankawaikira kumbuyo poyera. Iye analemba kuti, "Wallahi inu mukundiseketsa. Mafuta akakwera sheya yanu imatani? Msewu akatseka, kampani yanuyo katundu imayendetsa mumlengalenga? Asiyeni akuluwa alankhule." Mnyamata wa kubanki, amene tinkayang'anira naye gulu, anamuyankha kuti kunena kuti mafuta akwera ndi nkhani ya msika, koma kunena amene ali wakuba ndi nkhani ya kumsonkhano. Anakangana tsiku lonse za pamene malire ali, ndipo tsiku limenelonso palibe amene anatumiza mitengo.

Mawa lake wa kubankiyo anandiimbira. Anati ndiwachotse malume sabata lomwelo, apo ayi awachotsa yekha. Iye anakulira ku Nampula, ndiye kwa iye kunali kungodina basi. Sankaona chimene chinkandimanga manja. Foni ikamachotsa munthu imalengeza kwa onse kuti uje wachotsa uje, ndipo m'gulumo munali abale, anansi ndi apongozi a msuweni wanga. Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Ndi amene anakhala nkhoswe pa ukwati wanga, ndi amene analankhula pamanda a mayi anga, ndipo ana anga akadzafuna kukwatira adzagogoda kwa iwo. Mwana wa mlongo wawo sangawapirikitse pamaso pa anthu. Kulola mlendo awapirikitse ine ndikuonerera kunali koipa kuposa pamenepo. Ndinapempha wa kubankiyo kuti andidikire mpaka Loweruka.

Loweruka ndinakwera njinga yamoto kupita ku Assumane, kumene amakhala malume. Inali nyengo yozizira, mphepo ija imene imalowa mpaka m'makutu. Ndinawapeza ali pakhonde, atavala jekete ndi chipewa, akusenda nyemba m'lichero. Chimwalirireni azakhali, nyumba ija inangoti zii, ana awo onse ali kutali. Ndinapereka shuga ndi buledi amene ndinatenga, ndinakhala pamphasa, tinapatsana moni. Anafunsa za ana mmodzimmodzi, za amuna anga, za denga limene linkadontha. Nkhani yolemera sayamba nayo munthu akangofika, ndiye ndinatenga nyemba n'kumasenda nawo, ndikusakasaka poyambira.

Anayamba ndi iwo.

"Mayi wa nsomba uja ndinakumana naye kumerikadu, kumsika uku," anatero, maso ali m'lichero. "Akuti anthu akuthawa m'gurupu chifukwa cha ine."

"Si chifukwa cha inu nokha, malume."

"Usandinamize, iwe. Ndinakusambitsa ndine."

Ndinatapa nyemba zina m'lichero. Iwo anapitiriza kusenda, kenaka anati, "Nthawi ya nkhondo ija tinachoka ndi zovala za m'thupi zokha. Anthu ankadziwa kuti zinthu zikuipa, koma aliyense ankangoyang'ana pansi. Ine ndinalumbira kuti ndikaona kanthu ndizinena. Tsono anzanga amene ndinkanena nawo onse anapita. Uyu wa pafupiyu ndi wogontha."

Ndinawauza za mphunzitsi uja, za mnzake amene anasamutsidwa, za amuna ake osagwira ntchito ndi ana. Ndinkayembekeza kuti akwiya, anene kuti ndife amantha, ndipo ndinali nditakonzeka kulandira. Sanakwiye. Anangofunsa kuti anawo ndi aakulu bwanji. Nditawauza kuti wamng'ono akadali kumsana, anagwedeza mutu nthawi yaitali.

"Ndiye wabwera kudzandichotsa."

"Sindingathe, malume."

"Ndikudziwa kuti sungathe. Anthu angakunene mpaka kumaliro ako." Anapukuta manja pa thalauza, natulutsa foni m'thumba la jekete. "Ine potulukira sindipadziwa, sunandiphunzitse. Udine ndiwe, koma pa telefoni yangayi, kuti aone kuti ndatuluka ndekha. Dikira kaye nditsazike."

Anakonza kukhosi, naimika foni patsogolo pa kamwa. Uthenga umenewo unali waufupi kuposa onse amene anatumizapo. Anathokoza gulu chifukwa chowaphunzitsa, anati maso akuwavuta ndiye adokotala awaletsa foni, anapepesa ngati analakwira wina, nafunira onse malonda abwino. Za adokotalazo linali bodza, ndipo analinena mosadodoma, kuti pasapezeke wondiloza chala.

Anandipatsira foni ndi manja awiri. Ndinapeza malo ake, foni inafunsa ngati ndikutsimikiza, ndinadina. M'chikwama mwanga foni yanga inanjenjemera. Ndinadziwa kuti ndi uthenga wawo wotsazika uja, ndipo sindinaitulutse. Ndinamva chisoni, komanso, ndinene zoona, ndinamva kupepukidwa, ndipo ziwirizi zinandilemera pamodzi.

Tinamaliza nyemba. Anandithirira zina m'pepala la pulasitiki kuti ndikaphikire ana, ndipo anaumirira kundiperekeza mpaka pamsewu ngakhale mawondo ankawawawa. Tinayenda pang'onopang'ono. Pafupi ndi pokwerera njinga panali chigalimoto cha zokuzira mawu chitaima, anyamata akumata zithunzi za munthu wina wofuna mavoti pa khoma la sitolo, pamwamba penipeni pa ngalande imene yakhala ikununkha chiyambire. Malume anaima. Anayang'ana zithunzi, anayang'ana ngalande, anakweza dzanja, natsegula pakamwa. Kenaka anandiyang'ana ine, dzanja lija n'kulibweza m'thumba.

"Nenani, malume," ndinatero. "Pano tili awiri."

"Ayi mwananga, nawenso uli ndi ana," anatero. "Mota yako ndi iyo, kwera usazizidwe."