Utoto Womwe Unkaoneka Ngati Madzi

"Pepani, teremu ikatha mulongedze zanu. Malo anu tipereka kwa wina."

A pulofesa atatero, mtsikana yemwe ankamuuzayo anali ataima pomwepo, botolo lili m'manja. Abale anga, mawu ena amapweteka kuposa khofi.

Mtsikanayu anali wamasiye, woleredwa ndi azakhali ake. Mayeso opita ku yunivesite analephera ulendo woyamba, n'kumagulitsa nsapato zakale m'mbali mwa msewu, kenaka anabwereza mpaka kukhoza. Tsopano anali mu labu, chipinda chofufuzira za sayansi, akuchita kafukufuku wopanga utoto wowala. Utoto wotere amauthira pa maselo a thupi, ndipo akauunika ndi nyali yobiriwira umawala, munthu n'kumaona zochitika mkati mwa selo pa maikulosikopu.

Anzake ankatulutsa utoto wofiira, wina wachikasu. Koma wake ayi. Iye ankalumikiza kachidutswa kena pa utotowo kuti uzilowa bwino m'maselo, ndipo nthawi iliyonse unkatuluka woyera mbee. Akauunika ndi nyali yobiriwira ija, zii. Anzake anamutcha Mayi Madzi.

"Mayi Madzi, lero mwatiphikira chiyani? Tungani timweko, ludzu latipha!"

Ankaseka nawo, koma mumtima munkawawa zedi.

Mu labu imeneyo munali lamulo: botolo lililonse la utoto likutidwe ndi pepala lonyezimira la foyilo, chifukwa kuwala kumasukulutsa utoto. Pomvera lamulo, mtsikanayu analibe mnzake. Ankakuta kawiri, n'kutsekanso makatani. Utoto ukakana kuwala, ankaukhuthulira mu chigubu cha zotaya.

Tsiku lomwe anauzidwa zolongedza, botolo linamupulumuka m'manja n'kukhuthukira pachikhotho chake choyera. Sanasamale, popeza banga silinaoneke. Anachipinda n'kuchiika m'chikwama, ngakhale zovala za mu labu sapita nazo kunyumba. Mutu unali utaima.

M'mawa mwake anadzidzimuka ndi mfuu wa azakhali.

"Mayo ine! Mwana iwe, wavulala pati? Tuluka ndikuone!"

Anathamangira panja. Azakhali anali atayanika chikhotho chija padzuwa kuti fungo la mankhwala lichoke, ndipo pachifuwa ponse, pomwe dzulo panali poyera, panali pofiirira, powala mochita kuthobwa m'maso.

"Magazi awa! Wandibisira chiyani?"

"Si magazi, azakhali." Mtsikana anayandikira chikhothocho. "Mwathirapo chiyani?"

"Ndithire chiyani ine? Ndangoyanika basi. Ha! Zovala zanu za kusukuluzi zimachita kusintha zokha?"

Mtsikana anatukula kolala. Pansi pake panali patanyowanso ndi utoto dzulo, koma panali poyera. Pokhapo pomwe dzuwa linafika ndi pomwe panafiira. Anakhala pansi pomwepo. Miyezi yonseyo ankabisira utoto wake chinthu chokhacho chomwe unkafuna!

A pulofesa ataona chikhothocho anapukusa mutu.

"Mwina munakhudza utoto wa mnzanu. Chikhotho si umboni. Botolo lake lili kuti?"

"Linakhuthuka, bwana. Ena onse ndinataya."

"Ndiye pangani wina, ndione ndi maso angawa teremu isanathe."

Apa ndiye panali ntchito. Anali atayesa njira zambirimbiri, ndipo pa tsiku la chisokonezo lija sanaonetsetse kuti botolo lokhuthukalo linali la njira iti. Anayambiranso. Kusakaniza, kutenthetsa, kusefa, kudontheza papepala, kutuluka nalo padzuwa. Pepala loyamba linangokhala loyera. Lachiwiri chimodzimodzi. Anzake ankasuzumira pawindo.

"Taonani Mayi Madzi ayamba kuyanika madzi!"

Ulendo wina utoto unafiira uli m'botolo momwemo asanamalize kusefa, chifukwa katani inali itasiya kampata. Analira. Atapukuta misozi anazindikira kuti njira yake ndi imeneyo, n'kusamukira m'kachipinda kopanda windo, kugwira ntchito ndi nyali yofiira yokha.

Teremu ili pafupi kutha, anaitana a pulofesa ndi anzake m'kachipindako. Ananyowetsa pepala ndi madzi ake aja, anaikapo kiyi pamwamba, n'kuyatsa kwa kanthawi nyali ya kuwala kosaoneka ndi maso, kofanana ndi komwe kumabwera ndi dzuwa. Atachotsa kiyi n'kuunika ndi nyali yobiriwira, pepala lonse linawala, koma pakati panatsala chithunzi chakuda cha kiyi, mano ake onse akuoneka.

Onse kukamwa yasa. Mnzake wina wokonda kumuseleula anangoti, "Eee! Zoona izi?"

"Kachidutswa ndinalumikiza kaja kamapinda utoto n'kuutseka ngati loko," mtsikana anafotokoza. "Ukatsekeka suwala. Kuwala uku kumathyola lokoyo, utoto n'kutseguka."

A pulofesa anatenga kambale ka maselo omwe amaweta mu labumo, anadonthezamo utotowo, n'kukaika pa maikulosikopu. Munali mdima wokhawokha. Analoza selo limodzi ndi kakuwala kosaoneka kaja, ndipo selolo linayaka lokha, anzake ozungulira ali bii. Analiyang'ana likukwawa pang'onopang'ono pakati pa anzake.

Mkuluyo anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso.

"Mwana wanga, mukudziwa chomwe mwapanga? Ndi utoto wamba maselo onse amawala pamodzi, sungadziwe kuti lako ndi liti. Ndi uwu tingasankhe selo limodzi lodwala n'kulitsatira komwe likupita." Anapumira m'mwamba. "Ndipo ine ndinatsala pang'ono kukuthamangitsani. Simukupita kulikonse. Mawa muyambe kuwaphunzitsa anzanuwa."

Atafika kunyumba n'kufotokoza, azakhali anagwira pakamwa, kenaka anayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Ndiye kuti ku msewu kuja subwererako?"

"Sindibwererako, azakhali."

Lero mtsikana uja amatsogolera gulu lake la ofufuza, ndipo wophunzira akabwera nkhope ili yakugwa kuti zakanika, iye amayamba wafunsa kuti, "Wayesa m'njira zingati?"

Inu amene mwauzidwa kuti mulibe kanthu, mwina amene anakuyezaniyo anayeza ndi nyali imodzi yokha, ndipo inunso mwamukhulupirira. Lirani ngati zawawa, palibe choipa. Koma mukatha kulira, dzukani mukayesenso mwa njira ina. Mtima wokhawo musautaye.