Kampeni Kobuntha ka Alamu

Tsiku lomaliza kuwaona achimwene ali moyo, anali atawerama patebulo m'kachipinda kakuseri, akumangirira kampeni katsopano m'makina awo odulira mapepala. Unali m'mawa. Ine ndinaima pakhomo kufuna kubwereka chaja ya foni. Mutu sanadzutse n'komwe.

"Lowa kapena tuluka, koma utseke chitseko. Mphepo ikundiulutsira mapepala."

Mawu omaliza amene anandisiyira ndi amenewo. Anzanga abale awo amawasiyira malangizo a moyo, ine anandisiyira za chitseko. Masana a tsiku lomwelo anakwera njinga yamoto kukapereka makhadi kwa kasitomala, ndipo lole inawapeza pamphambano.

Inu amene mumakonda nkhani zolimbikitsa, ndikuuzirenitu kuti nkhaniyi si yanga. Ine maliro atatha ndinabwerera kukoleji, ndinakakhala m'kalasi ngati chitsa, kenako ndinanyamula chikwama n'kubwera kunyumba. Pamenepo palibe choti mutolepo. Nkhani ndi ya alamu anga, mkazi amene achimwene anamusiya ndi mwana wamng'ono. Pa anthu onse amene ndikuwadziwa, palibe wamakani ngati iwo.

Makinawo ndi aang'ono, ngati pulinta ya muofesi. Umajambula chimene ukufuna pa laputopu, umamata pepala pa kamphasa ka pulasitiki, n'kulowetsa. M'katimo muli kampeni kochepetsetsa kamene kamayenda papepala n'kumadula maluwa, zilembo, chilichonse chimene wajambula. Achimwene ankapangira makhadi a ukwati, timabokosi ta mphatso ndi zokongoletsera keke. Ntchito ya alamu inali kupinda ndi kumata basi. Laputopu sankaikhudza. Ankati akangoigwira ifufuta zonse.

Misozi isanaume, abambo aakulu anafika ndi mkulu wina wa shopu yosindikiza. Mkuluyo analowa m'kachipindamo osaodira, n'kuyamba kutsegulatsegula makina ngati ake.

"Apongozi," anatero abambo aakulu, "chinthu chamagetsi chikangokhala chimafa. Tigulitse. Inu mubwerere kwa makolo anu mukapume, mwanayu tizidzamuona pa holide."

"Makinawa sapita kulikonse, bambo."

"Nanga aziwayendetsa ndani? Uyu?" Abambo aakulu anandiloza ndi chibwano. "Uyutu ngakhale sukulu yamukana."

"Ndiziwayendetsa ine."

Wosindikiza uja anaseka mpaka kutsokomola.

Panali ntchito imodzi imene achimwene anali atailandira kale. Mayi wa saluni ya mumsewu wathu anaitanitsa makhadi a ukwati wa mwana wawo, aja okhala ndi timazitseko tiwiri todulidwa ngati lesi, timaluwa ndi timasamba tolukanalukana. Abambo aakulu anagwira pomwepo.

"Makhadi amenewo akatuluka, makina atsala, inunso mutsala. Akakanika, bamboyu adzabwera ndi galimoto, ndipo sitidzakambirananso."

Alamu anangogwedeza mutu. Alendowo atapita anatembenukira kwa ine.

"Alamu, munapita kukoleji inu. Yatsani chinthuchi."

Kuphunzitsa alamu kompyuta ndi ntchito imene sindingamufunire ngakhale mdani wanga. Mausi ankainyamula ngati simbi yositira, kuikweza m'mwamba n'kuitsitsa pena. Ndikati dinani kamodzi, ankadina mpaka zinthu zonse zitseguke. Ndikangopumira m'mwamba ankandiyang'ana m'mbali.

"Mukupuma chiyani? Mwalima?"

Mtima woyamba umene anadula unatuluka ngati mbatata. Wachiwiri unali mbatata yooneka bwino. Koma sankachoka pampando. Akamuperekeza mwana kusukulu ankalowa m'kachipindamo, ndipo phokoso la makina linkamveka mpaka mwanayo ataweruka. Patapita nthawi anayamba kundithamangitsa, akuti ndikuwatchinga kuwala. Zilembo zinayamba kuongoka. Nyenyezi zinayamba kukhala ndi nsonga zofanana.

Mapepala abwino, oyera olimba aja, ankawaumira. Ankati si ophunzirira. Ndiye ankadula chilichonse chimene apeza: makalendala akale, zikuto za makope, makatoni a sopo, ngakhale bokosi la nsapato zanga ndisanavomere. Kampeni kaja kanadya zonsezo.

Tsiku limene anaika pepala lenileni kuti adule khadi loyamba la ukwati, makina analira mwachilendo. Kampeni kankakoka pepala m'malo modula. Timasamba tinang'ambika, timaluwa tinatuluka ndi ndevu. Anaika lina. Chimodzimodzi.

Alamu anati ndi chinyezi, n'kuyanika mapepala padzuwa. Sizinathandize. Anatsuka kamphasa ndi sopo. Anachepetsa liwiro la makina. Anandijambulitsanso maluwa onse, akuti ndinajambula mwaulesi. Zonse zitakanika anatenga lezala n'kuyamba kumalizitsa pamanja pamene makina asiya, duwa limodzilimodzi, nkhope ili pafupi ndi tebulo. Zala zawo zinadzaza mabala. Khadi lina linadonthera magazi litatsala pang'ono kutha, n'kutayidwa.

Vuto ndinkalidziwa, ndipo aliyense wamaso akanaliona.

"Alamu, kampeni katha. Kabuntha ndi makatoni aja. Tatsopano tili m'dilowa yapamwambayo, achimwene anagula."

"Ndikudziwa kumene tili."

"Ndiye tisinthe."

"Kameneka anamangirira okha, ndi manja awo. Inu munalipo."

"Ndinalipo, ndipo ndikukuuzani kuti katha."

"Mukakakhudza mugona panja."

Ndinayesa kulankhula mofatsa. Ndinayesa kukalipa. Ndinawaonetsa pafoni anthu ena akusintha kampeni mosavuta ngati kusintha batire la wotchi. Anaonera mpaka kumapeto n'kundibwezera foni, akuti azimayi amenewo amuna awo ali moyo. Ndinaganiza zokasintha mobisa, koma ngati anandiona mumtima, anayamba kukiya kachipindako n'kumayenda ndi kiyi pakhosi.

Ndinkapsa mtima mpaka kulephera kudya. Munthu anali ataphunzira kompyuta kuchokera pa zero, anali atamuyankha mkulu amene banja lonse limamuopa, koma nyumba yake ndi ntchito yake zinkapita chifukwa cha kachitsulo kosakwana ndi chikhadabo. Ndinkapsanso mtima ndi achimwene. Anali ndi nthawi yondiuza za chitseko, koma analibe nthawi yomuonetsa mkazi wawo mmene makina amagwirira ntchito.

Mayi wa saluni anabwera kudzaona pamene ntchito yafika. Ananyamula khadi limodzi ndi zala ziwiri, n'kulitembenuza.

"Amake mwana, awa ndi maluwa, kapena makoswe anali ndi phwando?"

"Ndikonza, mayi."

"Ine chisoni ndikumva, malemu anali munthu wabwino. Koma mwana wanga akwatiwa kamodzi, ndikukhulupirira choncho. Sindingaitane anthu ndi zinyenyeswazi. Ndibwera Loweruka. Zikakhala chonchi ndipita kwa wosindikiza uja."

Mawa lake wosindikizayo anabwera yekha ndi tepi, kudzayeza ngati makina ndi tebulo lake zikwane m'galimoto. Anayeza alamu ali pampando pomwepo, mpaka kuwapempha kuti asunthe chigongono.

Madzulo a tsiku limenelo dzuwa lisanalowe, lezala inawachekanso chala. Anatsegula dilowa yapansi kufuna pulasitala, dilowa imene chichitikire maliro anali asanaitsegule. Kumbuyo kwa mawaya kunali kachitini ka maswiti, chivundikiro chake chozengedwa ndi selotepi kuti mwana asatsegule. Anakagwedeza, kanalira ngati muli misomali. Anamatula.

Ndinamva akundiitana ndi mawu amene sindinawazolowere.

"Alamu, tabwerani mudzamuone m'bale wanu."

Ndinawapeza atakhala pansi, kachitini kali pamiyendo. Munali timipeni takale tokhatokha, todzaza mpaka pakamwa, tina tadzimbiri, tina tooneka ngati sitinagwire ntchito n'komwe.

"Mukuona? Ankasintha ngati masokosi. Kakangoyamba kukoka pang'ono, kwawo n'kuponya muno." Anatola kamodzi n'kukayang'anitsitsa. "Aka kakuthwa kuposa kali m'makinamo. Ine zala zatha, mapepala atha, mayi uja wanditukwana, ndikusunga chinthu choti mwiniwake akanachitaya sabata yomweyo."

Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, kenako anayang'ana mpando wa achimwene n'kuukalipira ngati muli munthu.

"Inunso bambo ake a mwana, osandiuza bwanji? Ndimangopinda mapepala pambali panu zaka zonsezi, pakamwa panu panali potseka?"

Ndinadikira kuti apukute m'maso. Kenako ndinatsegula dilowa yapamwamba, ndinatenga kampeni katsopano n'kulunjika pamakina. Anandimenya padzanja.

"Ndakutumani? Ingondiuzani pomasulira."

Ndinawauza. Kampeni katsopanoko kanagwa pansi kawiri konse, tonse n'kumakwawa kukafuna. Koma anamangirira okha. Kakale kaja anakagwira pang'ono m'manja, n'kukaponya m'chitini pamodzi ndi tinzake, n'kutseka.

Anamata pepala, n'kudina. Makina anayenda mwakachetechete, kalilidwe ka nthawi ya achimwene kamene ndinali nditakaiwala. Atatulutsa kamphasa n'kukapinda pang'ono, lesi yonse inanyamuka yokha, tsamba lililonse lili ndi nsonga yake, popanda ndevu ngakhale imodzi. Ndinkayembekezera kuti anena chinachake chachikulu.

"Mwaimiranji? Bweretsani pepala lina."

Masiku otsalawo anali ochepa ndipo sanali okoma. Magetsi anazima tsiku lina kuyambira m'mawa mpaka masana, alamu n'kumangozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Ntchito yopinda ndi kumata inagwera ine, ndipo ndinamva zonse zimene ndinkawanena powaphunzitsa kompyuta zikundibwerera.

"Guluu ameneyo mukumata khadi kapena mukumanga nyumba? Kukoleji ankakuphunzitsani chiyani?"

Loweruka mayi wa saluni anapeza makhadi ali m'bokosi, omangidwa ndi riboni. Anatulutsa limodzi, analiyang'ana kutsogolo, kumbuyo, analiloza kuwindo kufuna pong'ambika. Atasowa cholakwika anati riboniyo ikanakhala yofiirira pang'ono. Koma khadi limodzi anakalimata pagalasi la musaluni, ndipo mayi aliyense wokhala pansi kuti amuluke tsitsi ankafunsa amene anapanga.

Wosindikiza uja anabweradi ndi galimoto, abambo aakulu ali kutsogolo. Alamu anangowapatsa khadi lotsala. Abambo aakulu anavala magalasi, anatsegula timazitseko tija, anatitseka, anatitsegulanso.

"Ine ndinkadziwa kuti apongoziwa ali ndi mutu. Ndimangofuna kuwalimbitsa."

Ndinatuluka panja ndisanayankhule zoti banja lidzakhalire pansi. Galimoto inabwerera yopanda kanthu.

Kuchokera pamenepo ntchito sinaduke. Kunabwera a sukulu ya mkaka kufuna zilembo zapakhoma, kunabwera wophika makeke, kunabwera maukwati ena ochokera pagalasi la musaluni lija. Alamu anatenga amayi awiri oti aziwathandiza, mmodzi wa iwo wamasiye ngati alamuwo, ndipo amawaphunzitsa okha laputopu, moleza mtima kuposa mmene ine ndinkachitira. Phunziro loyamba limene amawapatsa ndi kusintha kampeni. Lachiwiri ndi loti katoni ya sopo isayandikire makina.

Sindikunamizani kuti chisoni chimatha. Changa chilipo, ndipo za koleji musandifunse kaye. Alamu nawo pali masiku amene amazimitsa makina masana n'kukhala phee, ndipo tonse timadziwa kuti si nthawi yowafunsa kanthu. Koma akatero amadzuka, n'kuyatsanso.

Ndiye inu amene mwatsala ndi ntchito imene simunaiphunzire, abale akukuyezani ndi tepi muli pampando, mtima wanu musautaye. Phunzirani ngakhale wokuphunzitsaniyo akupumira m'mwamba. Choyamba chikatuluka chokhota, ikani pepala lina. Ndipo chimene chabuntha chisintheni, ngakhale anakusiyirani ndi munthu amene munkamukonda. Lirani ngati kulira kwabwera, koma sinthani ndi manja anu, ntchito ipitirire.

Makina achiwiri anafika pa 14 Novembala.