Liwu Lomwe Silinali Papepala

Mayi wina wosoka zovala, amene a gulu la zisudzo ankamutcha Nakhutu, sanali munthu woseka naye. Mkati mwa sabata ankakhala pa makina ake pakhonde la sitolo, kupinda mathalauza ndi kukalipira makasitomala obwera ndi zipi zakufa. Loweruka ankakhala kuseri kwa katani m'holo ya sukulu, pepala la sewero lili m'manja, kunong'oneza mawu kwa osewera oiwala. Ntchito yowawa imeneyo, chifukwa palibe amaombera m'manja munthu wosaoneka. Kale nayenso ankasewera, koma amuna ake, omwe ankalemba masewerowo ndi kutsogolera gulu, anamuuza kuti nkhope yatha, angotsala ndi mawu. Iye anangoti, "Chabwino, bambo," n'kunyamula mpando wake kupita kuseri.

Kuseriko khutu lake linanoleka, ndipo osewera aakazi ankamuda koopsa.

"Ukuti wakwiya, koma mawu akutuluka ngati ukugula sopo," ankawauza choncho. "Mkazi akapsa mtima sanena kuti ndapsa mtima. Amangofunsa kuti, 'Mwadya?' Ndiye umve mafunsidwe akewo."

Atsikana ankatuluka akung'ung'udza kuti mayiyu ndi wanjiru basi. Njiruyo mwina inalipo, koma bodza sankanena.

Chaka china kunabwera mtsikana woluka tsitsi, wa mawu anthetemya, ndipo anapatsidwa mbali ya wantchito wa m'nyumba. Amuna ake a Nakhutu anadzipatsa mbali ya bwana. Papepala, bwana akamugwira dzanja, wantchitoyo ankayenera kunena kuti, "Inu bwana, ndisiyeni, adona akubwera."

Tsiku lina akuyeserera, mtsikanayo atagwidwa dzanja anati, "Iwe, tasiya, akubwera."

Anzake anafa nacho chiseko. Nakhutu sanaseke. Kuiwala mawu ankakudziwa bwino: woiwala amachita chibwibwi, amaponya maso kukatani kupempha thandizo. Uyu sanayang'ane kulikonse. Iwe wakeyo anatuluka wofewa, wozolowera njira, ngati wa munthu amene anamunenapo kale kwina kopanda anthu. Ndipo bwanayo, munthu woti mwana akamunena kuti iwe amamuthamangitsa ndi tsache, sanaphethire n'komwe.

Nakhutu anakankha katani n'kutulukira. "Tabwereza."

"Ndalakwitsa, amayi," anatero mtsikanayo.

"Sunalakwitse. Lero ndiye wasewera bwino kuposa masiku onse. Tabwereza, timve tonse."

"Mayi, musasokoneze ntchito," anatero amuna ake. "Ndi sewero ili."

"Sewero ndiye lili m'manja mwangamu, bambo. Muli inu yekhayekha. Iwe mulibemo. Ndiye mwanayu wamutola kuti?"

Mtsikanayo anaumitsa khosi, n'kukonza tsitsi lake mwaulesi. "Akuluakulu ena amakonda kuitanidwa choncho, amayi. Ulemu umatopetsa. Afunseni eniake."

Chiseko chinathera pomwepo. Wina anayamba kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale.

Nakhutu anayang'ana amuna ake kudikira kuti amudzudzule mwanayo. Iwo ankangoyang'ana pansi, dzanja la mtsikanalo asanalitaye n'komwe. Mtima unamupweteka, ndipo ululuwo unasanduka chidani nthawi yomweyo. Zaka zonse za banja, ngakhale pa mkangano woswetsa mbale, ngakhale tsiku lomwe anamuchotsa pamaso pa anthu kumuika kuseri kwa nsalu, iye sanawatchulepo bambowa kuti iwe. Ankayesa kuti ulemu ndiwo mpanda wa banja lake. Osadziwa kuti wina anali atalowa kale ndi kaliwu kamodzi, eni nyumba atamutsegulira okha.

Anapinda pepala la sewero bwinobwino, monga amapindira nsalu ya kasitomala, n'kuliika pampando wake. Kenako anatola chikwama n'kulunjika kukhomo. Amuna ake anathamanga kukaima patsogolo pake.

"Amake ana, tikakambirana kunyumba. Musandichititse manyazi pamaso pa anawa."

Nakhutu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumiyendo ya thalauza lomwe anawapindira yekha.

"Iwe," anatero osakweza mawu, "choka panjira ndidutse."

Bamboyo anapatuka. Linali liwu lomwe lija, koma m'holo monsemo munalibe amene anafuna womunong'oneza tanthauzo lake.