Tembusha wa Pathanthwe

Mbale yachitsulo yothetheka m'mphepete ija ndikadali nayo, ana inu. Sadyeramo munthu, siipita kwa mlendo. Inali mbale yomwera nkhuku za amai, ndipo ndikaigwira ndimamva Okutobala wa ku Chinyunyu akundiwotcha kumapazi.

Chaka chimenecho chitopa chinalowa m'mudzi ngati moto wa m'tchire. Nkhuku kuwodzera, nkhuku kupinda khosi, nkhuku kugwa. Ine ndinali ndi thadzi langa limodzi lokha, lamawangamawanga, limene amalume anandipatsa. Chinthu choyamba kutchedwa changa padziko lino. Ndipo nalonso linayamba kutseka maso masana.

Amai anachokera kum'mawa, ku Katete, anabwera kuno ndi ukwati. Anati kwawo nkhuku zikadwala amadula tembusha, chomera chija cha masamba onenepa aminga m'mbali, n'kumuika m'madzi akumwa. "Wobiriwira, wa timadontho toyera," anatero. "Kaya dziko lino lili naye, kaya. Kafune kuphiri."

Ndinapita ine, ndinapita. Kudutsa pa madzi otentha aja onunkha ngati dzira lowola, kukwera miyala yotentha ngati chiwaya. Pathanthwe ponse panali zomera zokhala m'magulumagulu, zothithikana ngati azimayi pachigayo, koma zofiira, zotuwa, zopanda dontho n'limodzi lomwe. Ndinazilumpha, zina ndinaziponda. Wobiriwira sindinamuone. Ndinabwera manja lendelende, ndipo dzuwa lisanalowe nkhuku ziwiri za amai zinauma.

Lero ndimadziseka. Koma mwana akauzidwa kuti chobiriwira, amafuna chobiriwira basi.

M'mawa mwake amalume, amene anayamba kukhala kuno amai asanabwere, anamva nkhaniyo naseka mpaka kutsokomola. Anandigwira dzanja, kubwerera kuthanthwe komweko. Anagwada pagulu limodzi lofiira lija, nakweza masamba aakulu ndi ndodo. Pansi pake, mumthunzi, timbewu tating'ono, tobiriwira, ta madontho oyera, titakangamira kutsinde ngati anapiye.

"Uyu mwana, uyu make," anatero. "Make wapsa ndi dzuwa."

Tsiku limenelo anandiyendetsa phiri lonse. Wapathanthwe wofiira ndi wamfupi. Wapansi pa mitengo wobiriwira, masamba atalitali. Wina wakuseri kwa phiri, amene anati nthawi yozizira maluwa ake amatuwirako chikasu pamene anzake ali psuu. Onsewo banja limodzi, nkhope zokha kusiyana. Ndiye panali wonyenga, woima chilili, wa mizeremizere: ukamuthyola ndi ulusi wokhawokha, wopotera chingwe, si mankhwala. "Usafunse mtundu wa tsamba," anatero amalume. "Thyola. Akalira madzi achikasu, lawa." Ndinalawa. Kuwawa kwake mpaka lero lilime langa silinandikhululukire.

Sitinazule make, amalume anakana. Tinadula masamba atatu, n'kupatula kamwana kamodzi m'mphepete kokabzala kunyumba.

Amai anaduladula masambawo m'mbale ija, madzi nkuchita thovu. Thadzi langa ndinalitsegula mlomo ndi chala, kudonthezera, kudonthezera, masiku anayi. Tsiku lachisanu linadzuka, linadzikung'untha, linathamangitsa chiwala. Kaya anali tembusha, kaya anali Mulungu, ine sindinapite patali ndi sukulu, musandifunse. Nkhuku zina zinamwa madzi omwewo n'kufa. Langa linakhala, ndipo nkhuku mukuziona pabwalozi ndi zidzukulu zake.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi amai. Atagwira tsamba lofiira lija, analitembenuza, analinunkhiza, analiika kunsonga ya lilime. Kenaka anati, "Zaka zonsezi ndikumudutsa popita kunkhuni, osadziwa kuti ndi wakwathu."

Anaseka, misozi ili chuchuchu. Ine ndinathamangira madzi kuti asukusule. Ndimayesa utomoni wawalowa m'maso.