Mpheta Ziwiri za Mumthethe

Chaka chimene sitima inayamba kufika ku Limbe, ine ndi amuna anga tinkakhala pamunda wa mzungu wina wolima fodya, cha ku Chigumula. Lamulo lake linali lakuti nyumba ikakhala yopanda mwamuna wogwira thangata, eni ake asamuke.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali mtengo wa mthethe, momwe mpheta ziwiri zinamanga zisa za udzu wouma. Poyamba ndinkayesa kuti imaimba ndi mbalame imodzi, mpaka amuna anga atandilozera: yaimuna ikangoyamba, yaikazi inkalandira pomwepo osasiya mpata. Zikamva mpheta zina za kutsidya kwa khwawa, zinkathamangira kunthambi ya kumapeto, n'kuyandikana, n'kuimba mwaukali mpaka zinazo zitabwerera.

Mvula itayamba, amuna anga anadwala chifuwa. Anagona milungu itatu, ine ndikupalira fodya m'malo mwawo. Masiku omwewo kabawi anagwira mpheta yaimuna ine ndikuona. M'mawa mwake yaikazi inaimba yokha, n'kumadukiza ngati ikudikira yankho. Za kutsidya zija zinamva. Zinayamba kutera m'tchire la m'khwawa, kenaka pankhokwe yathu.

Nayenso kapitawo wa pamundapo anayamba kudzera pakhomo pathu, njira yosakhala yake. Anali ndi mphwake wongokwatira kumene, wosowa malo.

"Bambo ali bwanji muno?" anandifunsa.

"Akupezako bwino."

"Sindikuwamvatu."

Maso ake anali padenga ndi pachimanga changa.

Nditawauza amuna anga, anati, "Mukamuona akubwera, muzindifunsa kanthu mokweza. Ine ndiziyankha."

Ndinkatero. "Bambo, khasu lija mwaika pati?"

"Pansi pa nkhokwe!" ankakuwa ali m'nyumba, kenaka n'kutsokomolera m'bulangete kuti asamveke. Kapitawo ankaima pang'ono n'kupitirira.

Tinatero masiku anayi. Tsiku lachinayilo mpheta za kutsidya zinalowa mumthethe. Zinaijompha yaikazi ija nthenga zili mbwee, mpaka inathawira kuphiri. Dzuwa lisanalowe zinali zitayamba kale kuimba panthambi yomwe ija.

Kutacha kapitawo anatulukira. Ndinafunsa amuna anga za khasu. Zii. Ndinafunsanso. Kapitawo anakhala pamtondo wanga wogubuduza, n'kutulutsa fodya wake wofwenkha, osafulumira konse.

Ndinalowa m'nyumba. Amuna anga anali maso, milomo ikuyenda, koma mawu osatuluka. Anandigwira dzanja mwamphamvu, ndipo ndinadziwa kuti akupepesa.

Tinawaika m'manda Loweruka. Lolemba mphwake wa kapitawo anafika ndi mkazi wake atasenza mphasa ndi miphika iwiri. Mtsikanayo anagwada n'kundipatsa moni, koma sanandiyang'ane kumaso. Ine ndinamanga kamtolo kanga n'kupita kwa mchemwali wanga ku Limbe. Chimanga ndinachisiya chitangoyamba kumasula ngayaye.